Yasamula, Kweza Lilime

1

Ine ntchito yanga ndi kugulitsa kaunjika, ndipo pamsika amandidziwa kuti sindipusitsika. Belo yabwino ndimaizindikira isanatsegulidwe. Munthu akabwera ndi kankhope kachisoni kuti "mayi, tsitsaniko", ndimangomuyang'ana nsapato, basi ndadziwa kale ngati akunama. Sukulu sindinapite nayo patali, koma maso ndili nawo. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti amene anapusa m'nkhaniyi si munthu wogona.

Mwana wamwamuna ndili naye mmodzi yekha, dalaivala wa lole yonyamula simenti. Mkazi wake amaphunzitsa kusukulu ya mkaka. Ine ndinkamutchula kuti Madamu, chifukwa cha kayendedwe kake: kachikwama paphewa, botolo la madzi m'manja, chingamu mkamwa tsiku lonse. Sitinkadana, koma sitinkasekanso limodzi.

Lamulungu lina masana ndinapita kukawaona. Nditalowa kuchimbudzi ndinamva thanki ikudontha. Ine chinthu chodontha sindichisiya. Ndinatsegula chivundikiro, ndiye m'madzimo ndikuona botolo la mowa wa ukali, lotsala theka.

Sindinafunse munthu. Ndinayamba kusecha. Kuseri kwa wadiropu, limodzi. Pansi pa thumba la makala, awiri. M'ndowa ya zovala zakuda, ena opanda kanthu. Onsewo ndinawandandalika patebulo pabalaza, kenako ndinawaitana eni nyumba.

"Kodi muno mwatsegula bala osandiuza?"

Madamu maso pansi. Mwana wanga anayang'ana mkazi wake, kenako anayang'ana ine.

"Ndi anga, amayi."

"Ako? Iwe dalaivala? Ukufuna uphe ana a eni pamsewu, dzina langa limveke pawailesi?" Ndinatembenukira mpongoziyo. "Nanga inu a Madamu, bulangete limodzi, fungo osalimva? Mphunozo n'zokongoletsera nkhope?"

Ndinanyamula mabotolo aja n'kukakhuthulira musinki, Madamu ataima pakhomo la khitchini akuyang'ana, milomo ikunjenjemera. Ndinati ndi manyazi.

2

Mnzanga wogulitsa mabulangete ndiye anandiuza za kiliniki ija. Ili kuseri kwa chipatala chachikulu. Sagoneka anthu: umapita m'mawa, amakuona, umabwerera kwanu. Mchimwene wake anasiyira mowa kumeneko.

Ndinamuuza mwana wanga kuti mawa tikupita kumeneko. Kutacha ndinam'peza pageti akusanza, fungo la mowa lili tho. Ndinam'koka malaya mpaka pokwerera minibasi.

Pabenchi ya kiliniki panali anthu amene sindinkawayembekezera. Bambo wa tayi. Mtsikana wa misomali yopenta. Mkulu wina wa imvi atagwira chipewa ndi manja awiri kuti chisagwe. Nesi amene anatilandira anali mayi wamfupi wa magalasi, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Anamuuza mwana wanga kuti auzire mpweya m'kachipangizo kena, anamuyeza kuthamanga kwa magazi, kenako mafunso. Mumamwa wochuluka bwanji? Mumayamba nthawi yanji? Mukapanda kumwa mumamva bwanji?

Mwanayo ankayankha osakayika. Akadzuka manja amanjenjemera mpaka atamwa. Thukuta usiku. Nseru. Ine ndinangogwira pakamwa. Zonsezi mwana wanga wavutika nazo, ine osadziwa!

"Chabwino," ndinatero. "Mpatseni jekeseni yamphamvu, zithe lero. Ali ndi ntchito ameneyu."

"Jekeseni yotero kulibe, mayi. Tiyamba ndi mapiritsi, tizichepetsa pang'onopang'ono. Zitenga sabata ndi masiku angapo. Kenako uphungu, umenewo ndiye wa miyezi."

"Ayi, yachuluka. Muwonjezere mapiritsiwo, tichotseko masiku."

Anavula magalasi. "Mayi, pano si pamsika. Mvetserani bwino, chifukwa izi n'za moyo. Munthu amene thupi lake lazolowera mowa chonchi akausiya mwadzidzidzi popanda mankhwala, amatha kuona zinthu zoti palibe, kugwa ngati wakhunyu, ngakhale kufa kumene. Mapiritsiwa ndi amene amaligwira thupi kuti lisafike pamenepo. Asadumphe. Asaphatikize ndi mowa. Ndipo wodwala sasunga yekha. Pafunika munthu wa pakhomo woti azisunga, azim'patsa pa nthawi yake, azibwera naye kuno m'mawa uliwonse."

"Asunga mkazi wanga," mwana wanga anafulumira.

"Uti? Wolephera kumva fungo uja? Ndisunga ine."

"Amayi, inu muli ndi msika..."

"Msika sunandibadwire m'mimba. Asisita, bweretsani kuno."

Ndinawaika m'kachikwama ka m'chiuno momwe ndimasunga za pamsika, n'kumanga chitenje pamwamba. Mawu amodzi okha ndi amene anandikhala m'mutu: akadumpha, afa.

3

Tsiku lomwelo ndinasamukira kwawo. Benchi yanga pamsika ndinasiyira mnzanga uja. Geti ndinaikapo loko, kiyi pakhosi panga. Ndinayenda magolosale onse a m'dera lawo, ndi kabala ka pakona komwe.

"Munthu aliyense wa nyumba ya geti lobiriwira ija akabwera kudzagula mowa, kaya mwamuna, kaya mkazi wake wam'tuma, mukagulitsa mudzandidziwa."

Kenako ndinapita kwa abwana ake. Mwana wanga anandichonderera kuti ndingonena kuti akudwala malungo. Koma abwanawo atayamba zoti tchuthi n'chovuta, malole akudikira, mtima unandithawa.

"Ndiye mukufuna aziyendetsa ataledzera? Mwanayu ali pa mankhwala osiyira mowa. Mum'patse masiku."

Anam'patsa, mosavuta mpaka ndinadabwa. Ndinatuluka ndikudzitama kuti ndawagonjetsa.

Sukulu zinali zotseka, choncho Madamu ankakhala pakhomo. Kamdzukulu kanga tinakatumiza kwa mwana wanga wamkazi kuti kasaone bambo ake ali chonchi. Nthawi ya mankhwala ikakwana ndinkamuitana mwanayo, piritsi m'manja, kapu ya madzi. Ankameza, n'kunena kuti akukagona, n'kulowa kuchipinda. Madamu ankam'tsatira.

Masiku oyambawo zinkayenda. Mwana wanga sankanjenjemera n'komwe. Amene ankaoneka wofooka ndi Madamu. M'mawa ndinkamumva akudzikakamiza kusanza kubafa. Chakudya ankangochitembenuza ndi supuni. Tsiku lina akundithirira tiyi, theka linathera pambale.

Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Zaka zinali zitapita chipitire padera mimba yake yachiwiri, ndipo ine ndinali nditatopa n'kufunsa.

"A Madamu, mwezi uno mwauona?"

Anandiyang'ana ngati sanamve.

"Musabise, ndabereka ine. Khalani pansi, mbalezo nditsuka ndekha."

Ndinam'gulira malalanje ndi mabisiketi a mchere. Kwa nthawi yoyamba ndinamuyalira pampando kuti agoneko. Anatembenukira kukhoma n'kuyamba kulira. Ndinati ndi mmene amachitira oyembekezera.

Ndiye tsiku lachitatu ndinam'gwira mwana wanga. Nditam'patsa piritsi ananyamuka, koma pagalasi la kabati ndinamuona akulavulira m'dzanja.

"Ima pomwepo! Tambasula dzanjalo."

Piritsi lili pomwepo, lonyowa.

"Ukufuna kufa? Kapena ukufuna ukagulitse, ugulire mowa? Sunamve zimene ananena asisita aja?"

"Amayi, ndimafuna ndikamwere kuchipinda. Limandivuta kumeza mukamandiyang'ana."

"Unkandivuta chonchi uli wamng'ono, koma mankhwala a malungo unkamwa. Meza. Yasamula. Kweza lilime."

Bambo wamkulu, ndevu zili pepeya, anayasamula ngati mwana wa mbalame. Sindinakhutire. Kuyambira pamenepo piritsi lililonse ndinkaliphwanya pakati pa masupuni awiri, n'kusungunula m'madzi, iye n'kumwa ine nditaima pamaso pake, n'kutsukuluzanso kapu kuti amalize zotsalira.

"Amayi, chonde," anatero ulendo wina, misozi ili m'maso. "Limodzi lokha mundipatse lathunthu."

"Ngakhale theka."

4

Mapiritsi atayamba kulowadi m'thupi, mwana wanga anasanduka thumba la mchenga. Ankagona pampando, ankagona m'minibasi, ankagona pabenchi ya kiliniki kukamwa kuli yasa.

Nesi uja anamuyeza kawiri. Anamuuza kuti atambasule manja. Manja ali nji, ngati a telala.

"Achimwene, mankhwalawa akukupitirirani mphamvu. Ndiuzeni zoona, munkamwa wochuluka mmene munanenera muja?"

"Mabotolo ndinawaona ndi maso anga," ndinayankha ine. "Tebulo lonse."

"Ndafunsa iwowa, mayi. Mungatipatseko mpata, mudikire panja?"

"Chimene mwana wanga angakuuzeni inu, ine osachimva, n'chiyani?"

Ndinatuluka, koma chitseko ndinachisiya chotsegula, phazi langa lili pakhomo. Mwana wanga anandiyang'ana, n'kuyang'ana nesi, n'kunena kuti zonse ananena zija n'zoona. Nesi anati ndiye achepetsa mapiritsi. Apo mwanayo tulo tinamuthera.

"Musachepetse, asisita. Chonde. Kapena mundipatseko ena apadera, ndizisunga ndekha, mwina zingandivute usiku."

"Mwamumva?" ndinalowa. "Wasiya botolo, akufuna agwire mapiritsi. Musam'patse."

Potuluka nesi anam'patsa mwana wanga nambala yake ya foni, nati aimbe nthawi iliyonse, pa nkhani iliyonse, ngakhale si yake. Ine nditamva kuti nambala ya mkazi, ndinam'landa foniyo tili m'minibasi. Ndinati achira bwino popanda zosokoneza.

Pobwerera ndinadzera pamsika. Ndinawauza anzanga onse kuti mwana wanga akuchira mofulumira mpaka a chipatala akudabwa, ndiponso kuti andisungire timalaya tabwino ta khanda pa belo yotsatira.

5

Linali tsiku lotentha. Mwana wanga anali atagona pampando. Ine ndinali kuseri ndikuyanika zovala, Madamu atakhala pa ndowa yovundikira, thukuta lili kamukamu ngakhale anali pamthunzi. Usiku wathawo sanagone, ndinkamumva akuyendayenda.

Mwadzidzidzi anayamba kudzisasa m'mikono.

"Amayi, nyererezi zachokera kuti?"

"Nyerere ziti?"

"Izi! Zadzaza khoma lonse. Zikundikwera. Amayi, zichotseni!"

Khoma linali loyera, lopanda ngakhale ntchentche. Ndisanayankhe, anauma thupi lonse, maso anatembenuka, anagwa chagada. Mutu unamenya pasimenti. Miyendo ndi manja zinayamba kuphiriphitha, thovu la magazi likutuluka kukamwa.

Ndinakuwa. Mwana wanga anatuluka akudzandira ngati woledzera weniweni, anagwada, anam'tembenuzira chammbali, n'kuika malaya ake pansi pa mutu.

"Mimba!" ndinkangokuwa. "Mwana wa m'mimba afa!"

"Kulibe mimba, amayi!" Chibadwire sanandikalipirepo chonchija. "Kulibe mimba! Mabotolo aja ndi ake. Ine mowa sindimwa, mukudziwa inu, sindinamwepo kupatula tsiku lija kuti kachipangizo kandigwire. Mapiritsi aja anali ake. Ndinkamusungira m'tsaya. Inu mwakhala mukundimwetsa ine, iye akuuma. Kiyi wa geti! Foni yanga ili kuti?"

Ndinaima ndi malaya onyowa m'manja. Ndowa ya zovala zakuda. Thumba la makala. Mwamuna uti amabisa chinthu m'thumba la makala? Mawu a nesi aja anandibwerera onse, ndipo munthu amene ankanenedwayo anali atagona pamapazi anga.

Chingwe cha kiyi chinakodwa m'ndolo. Ndinachikoka mpaka khutu linang'ambika. Sindinamve kupweteka.

6

Neba wawo wa galimoto ndiye anatithamangitsira kuchipatala chachikulu. M'njira Madamu anayambanso kuphiriphitha, mutu wake uli pamiyendo panga. Kumeneko anam'goneka, madiripi mbali zonse, manja atam'manga ndi nsalu kubedi chifukwa ankafuna kuthawa nyerere zake. Adokotala anati tikanachedwa pang'ono, bwenzi tikukamba zina.

Pakhonde la wodi ndinam'funsa mwana wanga funso limodzi.

"Unalekeranji kundiuza?"

"Mukukumbuka zimene munanena za mayi wa nyumba yoyandikana nanu uja? Munati mkazi woledzera n'ngofunika kum'landa ana, n'kum'ponyera katundu pamsewu. Munanena tikudya, iye ali pomwepo. Ndikanati mabotolo ndi ake, mwana wathu bwenzi mutam'tenga tsiku lomwelo. Kusukulu bwenzi atamva dzuwa lisanalowe. Ine mukhoza kundikalipira, koma simungandithamangitse."

Ndinafuna kutsutsa. Ine mawu sandisowa. Tsiku limenelo anandisowa.

Nesi wa magalasi uja anabwera kudzamuona. Ndinkayembekeza kuti andinyoza. Anangoti nayenso ali ndi mbali yake, anaona kuti china chake sichikugwirizana koma sanakakamire. Kwa mwana wanga ndiye analankhula mosanyengerera: ngakhale mapiritsi aja akanamufika mkaziyo onse, mlingo unali woyezera thupi la munthu wina, ndipo akanatha kumupha ndi chikondi chakecho.

Madamu anakhala m'chipatala kupitirira sabata. Atayamba kuzindikira anthu, ndinakhala pambali pa bedi ndi malalanje anga opusa aja.

"Kodi munayamba chifukwa cha ine? Chifukwa cha kufunsafunsa kwanga za mwana?"

Lilime linali lotupa, ankalankhula movutika. "Musadzikweze, amayi. Ndinayamba ndekha. Ndinkafuna tulo basi. Inu munangochititsa kuti ndizibisa bwino."

Atatuluka, tinabwerera kukiliniki kuja, ulendo uno ndi wodwala weniweni. Panali mankhwala ena oti azimwa kwa miyezi, ochepetsa chilakolako, ndi masiku okumana ndi alangizi. Nesi anafunsa funso lija: asunga ndani, azibwera naye ndani? Ine ndinakhala pakona, pakamwa nditatseka. Ndinali nditalongedza kale chikwama changa choti ndizibwerera kwathu.

"Ndisunga ine," anatero mwana wanga.

Madamu anapukusa mutu. "Ayi. Inu mumandimvera chisoni. Ndikalira mumapita kukandigulira, mwachita zimenezo kangati? Ndikanama mumandithandiza kunama." Anandiloza ndi chibwano, osandiyang'ana. "Asunge awa. Awa chisoni alibe."

Anthu anditukwanapo pamsika, ena mpaka kutchula mayi anga. Palibe mawu amene anandilasa ngati amenewo. Ndipo anali kundipatsa ntchito.

Nesi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mayi, mukavomera, pali malamulo. Geti losakhoma. Foni yake ndi yake. Akalowa muno, inu mukhala pabenchi panja, chitseko chotseka."

Pakamwa panga panayamba kuyabwa kuti ndinenerere, mwina chitseko chikhale chotsegula pang'ono. Ndinameza.

"Ndamva."

7

Musaganize kuti zinatha bwino ngati m'filimu. Mwana wanga atabwerera kuntchito anapeza lole ili ndi dalaivala wina. Anapita ndi kalata ya kukiliniki yonena kuti iye si chidakwa, abwana anangoti, "Mayi ako enieni ndi amene anatiuza." Pano amakweza matumba pamalo omwe ankaimika lole. Akafika madzulo, simenti ili m'tsitsi, amandipatsa moni mwaulemu, koma nkhani zake sandiuzanso.

Madamu anabwererako ku mowa kamodzi, patapita miyezi iwiri. Anabwera yekha kudzandiuza, fungo lili mkamwa, ataima patali ngati akudikira mbama. Manja anga anandiyabwa, sindinama. Ndinangotenga chikwama n'kunena kuti tiyeni, asisita akatione. Kumsika ndinawauza kuti mimba ija ndinaona molakwa. Timalaya tija ndinagulitsa kwa ena.

Inu amene mukuwerenga, makamaka azimayi anzanga a pakamwa pakuthwa, amene ana athu amati tikamalowa pageti amayamba kubisa zinthu. Ine ndinkati kundiopa ndiye ulemu. Ndinkati m'nyumba mwa mwana wanga palibe chingandidutse. Chinandidutsa chinthu chachikulu ngati munthu, chikusanza kubafa m'mawa uliwonse, ine ndikuchisendera malalanje.

Mukapeza botolo, musathamangire kusinki ngati ine. Munthu wozolowera mowa samusiyitsa ndi loko, mukhoza kumuika m'manda mukuti mukumupulumutsa. Pitani naye kwa odziwa, ndipo akakuuzani kuti dikirani panja, tulukani, mutseke chitseko. Komanso muzisamala zimene mumanena za anthu a eni pa nthawi ya chakudya. Simudziwa amene akumvetsera ndi mtima wothamanga patebulo lanu lomwelo.

Mpaka lero m'mawa wa tsiku lake la kukiliniki timakwera minibasi limodzi, ine ndi mpongozi wanga. Sitilankhula zambiri. Iye amalowa, ine ndimakhala pabenchi pakati pa zidakwa za eni, manja pamiyendo. Zimene amakamba m'katimo sindizidziwa. Mwina amakamba za ine. Chitseko chija n'chopyapyala, nditasendera pang'ono ndikhoza kumva zonse.

Sindisendera.